Funsani Azakhali: Zigamba Zokongoletsera Zovala za Mwana

Makalata a mwezi uno ambiri akukamba za singano ndi zovala za makanda. Ndasankhapo asanu ndi imodzi. Ena ndawafupikitsa, eni ake andikhululukire.

Azakhali,
Ndili ndi mwana wa miyezi inayi. Zovala zake zambiri ndimagula pa kaunjika, ndipo zina zimakhala zabwinobwino koma zili ndi kadontho kosachoka kapena kabowo pachifuwa. Tsiku lina kusikelo ndinaona mayi wina atasokerera kansomba ka chitenje pa kamalaya ka mwana wake, ine mtima dyokodyoko kusirira. Makina ndilibe, ndipo kusoka komwe ndimadziwa ndi kolumikiza pong'ambika basi. Kodi ndingathe? Ndiyambire pati?
Mayi wachitsikana, Ndirande, Blantyre

Mwana wanga, ungathe, ndipo za makina usadandaule nazo. Kachovala ka khanda ndi kakang'ono, mkono wake sulowa bwino pansi pa singano ya makina, komanso msoko wa makina umauma. Dzanja ndiye mwini ntchito imeneyi. Upeze singano yowonda, ulusi, sizasi yakuthwa, kachidutswa ka katoni ndi nsimbi.

Nsalu usagule. Pita kwa telala wa pakhonde wapafupi nawe, umupemphe tizidutswa totsala pomwe wadula madiresi. Ambiri amangotisesa madzulo. Koma usatole chilichonse chifukwa cha maluwa ake. Si chitenje chilichonse chili cha thonje masiku ano. Zambiri zotsika mtengo, zoterera ndi zonyezimira zija, ndi za poliyesita, ndipo sizimwa thukuta. Kuti udziwe, dula kachingwe kakang'ono, upite nako panja kutali ndi mwana, ukayatse ndi machesi. Thonje limayaka ndi fungo la pepala lopsa, nkusiya phulusa lofewa lomwe limafufutika ukalitikita ndi zala. Poliyesita imasungunuka, imanunkha pulasitiki, ndipo imasiya kanthu kakuda kolimba gwa. Imeneyo uibweze kwa telala. Ya thonje ija uichape kaye usanaidule. Chifukwa chake ndafotokoza poyankha kalata yotsatirayi, uwerengenso.

Tsono kansomba kaja usayambe nako. Mchira wa nsomba uli ndi ngodya zolowa mkati, ndipo pamenepo ndi pomwe ulusi wa nsalu umayoyokera munthu akakhala wongoyamba. Kamtima nakonso nchimodzimodzi. Yamba ndi chozungulira.

Vundikira kapu yaing'ono pa katoni, ujambule mozungulira, udule. Katoniyo uiike kuseri kwa nsalu. Apa sewera nayo pang'ono, uziisuntha mpaka duwa kapena kambalame ka pachitenjepo kakhale pakati penipeni. Lemba ndi kasopo kotsalira kaja kopyapyala, kamalemba bwino pa nsalu yakuda ndipo kamachoka pochapa. Dula nsalu mosiya sentimita imodzi kunja kwa mzere. Kenako soka msoko wamba, wolowa nkutuluka, m'mphepete monse mozungulira, koma pomaliza usamange mfundo. Bwezera katoni pakati, ukoke ulusi pang'onopang'ono. Udzaona nsalu ikudzipinda yokha nkukumbatira katoni ija. Sita, solola katoni, sitanso. Chigamba chako chatha, chozungulira bwinobwino, m'mphepete mwake mopindika kale.

Pochiika pa malaya ine mapini sindiwafuna. Pini imodzi ikaiwalika m'chovala cha khanda, amene adzaipeze ndi mwana. Gwiriza chigamba ndi misoko ikuluikulu ya ulusi wa mtundu wina, yomwe udzaisolole ukamaliza. Ukatero yamba msoko weniweni. Ulusi usatalike kupitirira kuchokera kuzala kufika pachigongono, chifukwa wautali umapotana nkumanga timfundo. Mfundo yoyamba uibise pakati pa chigamba ndi malaya, isakhale kuseri kokhudza khungu. Singano ituluke pampindiro pa chigamba, ilowe m'malaya pomwepo pambali, iyende pansi mamilimita awiri kapena atatu, itulukenso pampindiro. Uzipita choncho mpaka uzungulire. Pomaliza baya katatu pamalo amodzi, ulowetse singano pansi pa chigamba, ukaitulutsire patali pang'ono, ndi kudula ulusi pamenepo kuti nsonga yake ibwerere mkati. Kenako yesa kulowetsa chikhadabo chako m'mphepete. Chikalowa, chala cha mwana chidzalowanso, ndipo ana a miyezi isanu ndi umodzi ntchito yawo ndi yomweyo, kukoka ndi kuika mkamwa.

Ngati ukuphimba bowo, uyambe walitseka kaye ndi ulusi, apo ayi limapitiriza kukula pansi pa chigamba iwe osaliona.

Chomwe ndikufuna usaiwale ndi ichi. Ukamaliza, tembenuza malayawo, kuseri kuja ukukhudzitse patsaya pako ndi kusisita. Anthu kusikelo amaona kunja, koma mwana amavala kuseriko. Pakakukanda iwe, dziwa kuti khungu la khanda, lomwe ndi lopyapyala kuposa lako, lidzafiira. Ukamva kukanda, dula kachidutswa ka sikipa yakale yofewa, ukasokerere mkati kuphimba misoko.

Uganizirenso malo. Mwana wathu kuno amaswera kumsana, chifuwa chake chitatsamira msana wa mayi, chitenje chitamukanikiza, thukuta lili kamukamu. Chigamba chokhuthala pachifuwa chimamudinda tsiku lonse. Choncho chikhale cha nsalu imodzi, chofewa, chosaposa chikhatho cha mwanayo kawiri. M'khosi, m'khwapa ndi mopita thewera usaikemo kanthu. Kwa amene akadali ndi mchombo wosapola, pamimba pakhale popanda msoko uliwonse.

Ukazolowera zozungulira, kansomba kako ndi aka: thupi lobulungira motalika, mchira wa ngodya zitatu wodulidwa padera, nsonga yake uilowetse pansi pa thupi usanasoke. Ngodya zovuta zija zabisika. Diso usoke ndi ulusi wakuda, kubaya kangapo pamodzimodzi.

Azakhali,
Ndinasokerera maluwa ofiira a chitenje chatsopano pa kadiresi koyera ka mwana wanga. Nditangochapa kamodzi, kadiresi konse kasanduka kofiirira, ndipo pozungulira maluwawo pachita makwinya osatheka kusita. Anzanga akuti ndikanaviika chitenjecho m'madzi a mchere. Ndinalakwa pati?
Mayi wa ana awiri, Kasungu

Amayi, mavuto anu ndi awiri koma gwero lake ndi limodzi: munadula nsalu yosachapa.

Nsalu ya thonje yatsopano imabwerera ikalowa m'madzi koyamba. Kadiresi kanu kanali katachapidwa kale kambirimbiri, kanasiya kubwerera. Maluwa aja atanyowa anachepa, nkukoka kadiresi mozungulira, ndiwo makwinya mukuwaonawo. Nkhaniyi si yalero. Ngakhale pa Marko 2:21 paja akuchenjeza za chigamba cha nsalu yatsopano pa chovala chakale, ndipo telala aliyense akamamva mawu amenewo kutchalitchi amangogwedeza mutu.

Za mchere ndimazimva kawirikawiri, ndipo ndikudziwa kuti ena andikwiyira. Mchere umagwira ntchito pomwe nsalu ikunyikidwa mu utoto. Ikafika pamsika ntchito imeneyo inatha kale, ndipo utoto womwe ukutuluka ndi wotsalira pamwamba, wosagwira. Umenewo sufuna kumangirira, ufuna kuchotsa. Chapani kachidutswako pakokha ndi sopo m'madzi ofunda, tsukuluzani, bwerezani mpaka madzi atuluke oyera mbee. Kakadali konyowa, katikiteni pa kansalu koyera. Kakasiya mtundu, chapaninso. Kakapitirizabe kusuluka mutachapa katatu kapena kanayi, kasiyeni, kameneko sikadzaleka. Ofiira, akuda ndi obiriwira modera ndiwo amavuta kwambiri. Kuchapaku kumachotsanso zoumitsa zomwe amaika m'nsalu kufakitale kuti izioneka yolimba pogulitsa, zomwe siziyenera kukhudza khungu la khanda.

Pali china chomwe simunanene koma ndikuchiganizira. Ngati kadiresiko ndi ka nsalu yotanuka, ya mtundu wa sikipa, ndiye kuti mwina munkaikoka posoka. Chitenje sichitanuka, sikipa imatanuka. Mukamasoka mutaikunga pa bondo, ikamasuka imabwerera nkusonkhana pozungulira chigamba. Yalani chovala patebulo kapena pa buku lolimba lomwe mwalowetsa mkati, chikhale momwe chimakhalira chokha, ndipo ulusi musamaukoke mwamphamvu.

Kadiresi kofiirirako musataye. Chotsani maluwawo, musite kadiresi kakadali konyowa pang'ono, muwasokerenso. Pano abwerera kale, sadzakokanso.

Azakhali,
Ine ndi bambo, ndikugwira ntchito kuno ku Johannesburg. Mayi a kunyumba ali ku Mangochi ndi mwana wathu wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amakonda kusoka. M'masitolo muno ndaona zigamba zomata ndi nsimbi, za tinyama ndi timagalimoto, zina zili ndi mikanda ndi tonyezimira. Ndikufuna ndiwatumizire pabasi. Ndigule zotani?
Bambo wa ku Mangochi, Johannesburg

Achimwene, choyamba ndikuthokozeni. Abambo ambiri akamatumiza katundu amakumbuka foni ndi nsapato, za singano ya akazi awo sazilota nkomwe.

Koma za mikanda, tonyezimira, timabatani ndi timaso tapulasitiki tija, zisiyeni m'sitolo momwemo. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri chilichonse chomwe wagwira chimapita kukamwa, ndipo nthawi imeneyi nkhama zimamuyabwa, amatafuna ngakhale kolala ya malaya ake omwe. Mkanda umodzi ukathothoka ukhoza kumutsamwa, kapena kuulowetsa m'mphuno akakulako. Nchifukwa chake pa zidole zambiri mumaona chizindikiro choletsa kupatsa ana osakwana zaka zitatu. Lamulo lomwelo ligwire ntchito pa zovala. Tizingwe ndi timaliboni tolendewera natonso ayi, makamaka pafupi ndi khosi.

Zomata ndi nsimbi zopanda mikanda zilibe vuto lalikulu, koma mudziwe ziwiri. Guluu wake amaumitsa nsalu, moti pa khanda pamakhala ngati mwamuveka chikatoni. Komanso pali nkhani ya kuchapa. Kwathu timachapa ndi manja, kufikisa ndi kufinya, ena kumenyetsa pamwala kunyanja, ndiye sizichedwa kumatuka m'ngodya. Ngodya ikangodzuka, mwana amaimaliza. Mukagula, sankhani zing'onozing'ono zofewa, ndipo mayi akamata asokererenso m'mphepete monse. Zimakhala bwino pa kajekete kapena kachipewa, osati pa chovala chogona pakhungu.

Kunena zoona, ndikanakhala ine mkazi wanu ndikanakondwa kwambiri ndi sizasi yabwino yodulira nsalu, paketi ya masingano a misinkhu yosiyanasiyana ndi ulusi wamitundumitundu wosaduka. Nsalu ku Mangochi iliko yambiri. Chosowa ndi sizasi yomwe sinadulepo tsitsi ndi mapepala a ana a sukulu.

Muwauzenso ichi mukamaimba foni. Ulusi wotsalira mkati mwa masokosi kapena zovala zophimba mapazi ukhoza kuzenga kachala ka mwana nkukamanga mpaka kutupa. Tsitsi lalitali limachitanso chimodzimodzi. Mwana akamalira mosatonthozeka popanda chifukwa chooneka, amuvule masokosi ayang'ane zala. Akapeza chatupa ndipo ulusi walowa m'khungu, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali,
Ndinasoka tizigamba ta nyenyezi pa kabudula wa mwana wanga, aliyense nkumayamikira. Apongozi anga aakazi atabwera kudzaona mdzukulu anakhumudwa kwambiri. Akuti chigamba ndi cha amphawi, ndikuchititsa manyazi mwana wawo ngati sagula zovala. Anandiuza kuti ndisadzamuvekenso popita kutchalitchi. Amuna anga angoti zii. Nditani?
Wodandaula, Ntcheu

Mwana wanga, apongozi akowo usawaone ngati adani. Ine ndi a msinkhu wanga tikudziwa komwe mawu awo akuchokera. Tinakula nthawi yomwe mwana ankapita kusukulu ndi kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo, anzake nkumamuseka njira yonse. Munthu amene anasekedwapo choncho, kapena amene anasokerapo mwana wake chigamba usiku pa koloboyi chifukwa kunalibe china choti avale mawa, sangaone nyenyezi zakozo ngati zokongoletsa. Akuona zomwe analumbira kuti mdzukulu wawo sadzavala.

Sindikuti usiye. Ntchito ya manja ako ndi yabwino, ndipo madiresi ndi malaya oika chitenje pathumba kapena pakolala akugulitsidwa modula m'tauni, anthu nkumavala ku ukwati. Koma kukangana nawo pa zimenezo sikukupindulira. Akakhalapo, Lamulungu mwana avale zomwe iwo akondwere nazo. Ndi tsiku limodzi.

Kenako tsiku lina muli awiri kukhitchini, uwapemphe chitenje chawo chakale, chomwe anasiya kuvala. Uwauze kuti ukufuna mdzukulu azivala kanthu ka agogo ake. Sindikukuphunzitsa ukathyali. Chitenje chakale ndicho nsalu yabwino koposa pa ntchitoyi: chinachapidwa kosawerengeka, chinasiya kusuluka, chinasiya kubwerera, ndipo ndi chofewa. Zija za kufakitale ya David Whitehead zomwe amayi athu ankasunga pansi pa sutikesi zinali za thonje lenileni. Ungosankha pomwe sipanathe kwambiri, chifukwa pakati pomwe ankakhalira pamakhala pofooka, m'mbali ndiye mumakhala molimba. Akakupatsa, udzaone ngati adzaletse mwanayo kulowa nacho m'tchalitchi. Akakana, wayesa, ndipo usawaumirize.

Za amuna ako kukhala chete, asiye. Mwamuna ali pakati pa mayi ake ndi mkazi wake pa nkhani ya kabudula wa khanda, kukhala chete ndi nzeru ndithu.

Azakhali,
Magetsi kuno amavuta ndipo makala akwera mtengo. Zovala za mwana zokhala ndi zigamba zimandichedwetsa kusita chifukwa pachigamba sipauma msanga. Kodi ndingamangoyanika osasita?
Mayi wa ku Salima

Ayi amayi, pamenepo pokha sindikulolani. Kusita zovala za mwana si nkhani ya kutchena. Ilipo ntchentche yomwe imaikira mazira padothi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zonunkha mkodzo kapena thukuta, zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo akaswa, timphutsi timaboola khungu nkukulira momwemo. Pamatuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, ndipo mwana amalira usiku wonse. Nyengo ya mvula ndiye zimachuluka. Malo omwe timabisala ndi m'misoko ndi mopindika, ndiye chigamba chawonjezera malo oterowo.

Yanikani pachingwe, padzuwa, osati paudzu kapena pamwala. Chovala cha chigamba muchitembenuze kuti dzuwa liwombe kuseri. Posita, sitani mbali zonse ziwiri, ndipo pachigamba mutsindike nsimbi kanthawi. Ngati ndi ya makala, yalani kansalu koyera pamwamba kuti phulusa lisadetse. Makala akachepa, zanu ndi za bambo zidikire, muyambe matewera ndi zonse zogona pakhungu la mwana. Mukaona chotupa cha mtundu umenewu pa khanda, musachifinye ndi mphamvu kapena kuchiboola ndi singano, pitani naye kuchipatala.

Azakhali,
Anzanga akaona zovala za mwana wanga amandipempha kuti ndiwasokere, koma amangoti zikomo. Ndikufuna ndiyambe kulipiritsa. Ndiwerengere bwanji mtengo?
Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Mwana wanga, zikomo sagula ulusi. Mtengo weniweni sindikuuza, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu pamsika sizikhazikika, ndipo chomwe ndingalembe lero chikhoza kukhala chopanda ntchito magaziniyi ikamakupeza. Werengera wekha motere. Lemba zonse zomwe walowetsa: kamalaya ngati wagula ndiwe, ulusi, sopo wochapira, makala ositira, ndi minibasi yopita kumsika. Kenako yang'ana wotchi pomwe ukuyamba kusoka ndi pomwe wamaliza. Atsikana ambiri amaiwala nthawi yawo, nkumagulitsa ntchito ya masana onse pa mtengo wa mulu wa tomato. Funsa telala wa kwanuko amalipiritsa zingati kupinda siketi ndi manja, uyerekeze ndi nthawi yomwe iwe watha.

Udule makatoni a maonekedwe anayi kapena asanu okha, uwasunge, kasitomala azisankha pa amenewo. Ukalola aliyense kubwera ndi chithunzi cha pafoni, udzapezeka ukulimbana ndi njovu ya makutu ndi chitamba usiku wonse pa ndalama yomweyo. Zilembo za dzina la mwana anthu amazikonda, koma uziwerengera pachilembo, ndipo S ndi B zikhale zodulirapo kuposa L ndi T, udzamvetsa ukadzazisoka. Theka la ndalama azipereka poyamba, ngakhale ali mnzako wa kukwaya. Ndipo wina akadzaumirira kuti umuikire mikanda pa chovala cha khanda chifukwa akulipira ndi iye, umubwezere ndalama yake.